Safunsa Anachapa Phula

Ndisanayambe, ndinene chinthu chimodzi kuti tisadzakangane kutsogoloku: ine sindinabe jekete la munthu aliyense. Mlonda wa sitolo ija ya pakati pa tauni ya Newcastle anene zake, kamera ionetse zake, koma ine ndinalowa m'sitolo muja ndi nkhuku yanga ndipo ndinatulukamo ndi nkhuku yanga yomweyo. Ngati pali amene analakwiridwa tsiku limenelo, ndi nkhukuyo. Zonse zimene ndikuuzeni panozi n'zoona, ndipo pamene muone ngati ndawonjezera, dziwani kuti pamenepo ndiye ndachita kuchepetsa.

Ntchito yanga kuno ndi yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Ndimawasambitsa, kuwapatsa mankhwala, kuwathirira tiyi, n'kumamvetsera akudandaula za mvula. Viza yanga inamangiriridwa ku ntchitoyi ngati mbuzi pa chikhomo: chikhomo chikazuka, mbuzi imakwera ndege. Ndiye chikhomo changa chinali chitayamba kale kugwedera. Miyezi ingapo m'mbuyomo ndinathandiza mayi wina wokalamba kulambula pakhomo pake. Ndinazula tchire lonse n'kusesa mpaka dothi kuwala ngati pabwalo la sukulu tsiku lobwera alendo. Kenako ndinamva kuti tchirelo anachita kugula, anachita kubzala, ndipo lili ndi dzina lake la Chilatini. Manejala wathu anandiitanira mu ofesi n'kundiuza akumwetulira (mzungu akamakumwetulira mu ofesi, yamba kupemphera) kuti dandaulo lina likangobwera, tidzakhala pansi kukambirana za tsogolo langa. Tsogolo langalo ndimalidziwa. Lili ku Dedza, kuseri kwa phiri, ndipo kuli alamu anga amene akungodikira kuseka.

Mmodzi mwa okalamba anga anali a Norman. Amakhala m'kamudzi kena kunja kwa Newcastle, kumene umatsika sitima ya metiro n'kukwera basi, basiyo n'kuyenda mpaka anthu kutha, kutsala nkhosa zokhazokha. Moyo wawo wonse anagwira ntchito yoyang'anira nkhalango ya bwana wina wa malo ambiri. Ankaweta nkhwali za kuno, zija za mchira wautali, kuzidyetsa, kuziteteza kwa ankhandwe, zikanenepa n'kuzimasula kuti anthu olemera adzaziwombere. (Ine nkhani imeneyi sinanditsike mpaka lero. Mbalame ili kale m'khola mwako, mpeni uli m'khitchini, iwe n'kuiulutsa kaye. Pali chimene sakutiuza.)

Tsiku loyamba lenilenilo, ndikuwaveka sokosi, anandifunsa ngati kwathu timasaka.

"Kwathu tonse ndi alenje," ndinatero. "Bambo anga, amalume anga, ine ndemwe. Ndinayamba ndisanalowe sukulu."

"Mumasaka chiyani?"

"Za miyendo inayi ndi mchira. Tsiku labwino ndinkabwera nazo zodzaza thumba."

"Zoopsa?"

Ndinawaonetsa chipsera cha pa chala changa chamkombaphala. "Zimaluma."

"Mfuti yanji?"

"Mfuti ndi ya amantha, bambo. Ife timalowetsa dzanja."

(Ndinkanena mbewa. Werenganinso bwino, muona kuti sindinaname ngakhale liwu limodzi.) Kuyambira tsiku limenelo a Norman anasiya kunditchula dzina, ankangoti "mlenje", ndipo ankandipatsa bisiketi pa tiyi.

Tsono kuseri kwa chitseko cha khitchini yawo kunkapachikidwa jekete. Mtundu wake ulibe dzina. Tinene kuti linali ngati pansi pa mphika wa pamaliro. Linali lolimba moti tsiku lina linagwa pa msomali n'kuima lokha pansi, manja ali tambalale ngati likufuna kundifunsa zimene ndikufuna m'nyumbamo. Ukaligwira, zala zimamata. Fungo lake linkakulonjera uli pa geti. Ntchentche ina inatera pa kolala, inayenda pang'ono, n'kugwa chagada. Ndinaiona ndi maso angawa, ndipo ndikanama mphezi indipeze pa shifiti. Galu wawo wokalamba, dzina lake Mosi, ankagona pansi pa jeketelo tsiku lonse, ndipo a Norman akamadutsa ankalisisita phewa ngati mnzawo.

Akayamba za jekete limeneli sankatha. Amati analigula ali mnyamata, kwa kampani ina yakalekale yosoka zovala za alenje, asodzi ndi alimi.

"Kampani yomweyo ikadalipo, mlenje," ankatero. "Chizindikiro chake n'chomwecho. Koma lero ikusokera anthu opita kokamwa khofi m'tauni. Nsalu yopyapyala ngati mpango wa m'thumba, ukangodutsa pa minga watuluka maliseche. Langali lili ndi thumba kumsana, mumalowa nkhwali ziwiri ndi mkate wako wa masana. Zawo za lerozi mulowa chiyani? Foni."

Ine ndinkangoti "eya, eya" uku ndikuwerengera mapiritsi, koma thumba la kumsanalo linandikhala pamtima. Tsiku lina iwo akugona pa mpando, ndinapisamo dzanja. Ndinatulutsa nthenga yokhala ndi magazi ouma, chingwe chomangidwa mfundo zingapo, dzino la nyama, ndi kaweluwelu ka nyanga koimbira galu. Ndinabweza msangamsanga n'kukasamba m'manja kawiri. Abale anga, inu ndi ine tinakulira kumodzi. Ukapeza nthenga, magazi, dzino ndi chingwe cha mfundo m'thumba limodzi, sufunikanso munthu wokumasulira. Pamenepo ndinamvetsa chifukwa chake munthu wamkulu chonchija anali asanadwalepo chimfine.

Nditawauza amayi akunyumba, omwe ndi akuluakulu a gulu la mapemphero la amayi a ku tchalitchi kwathu, anasiya kudula anyezi.

"Munagwira ndi dzanja liti?"

"Lamanja."

"Ndiye lero mudyera lamanzere."

Kenako a Norman anagonekedwa m'chipatala kuti awakonze fupa la m'chiuno. Atatsala pang'ono kutuluka, mwana wawo wamkazi, a Julie, anakonza ndi ofesi kuti ndizipita kukakonza m'nyumba ndi kudyetsa Mosi. Pa foni anandiuza kuti, "Bambo akabwere m'nyumba yaukhondo. Chilichonse chakuda chichapidwe."

"Chilichonse?"

"Chilichonse."

Limeneli ndiye funso lokhalo limene ndinafunsa ndisanayambe kuchapa, ndipo mwaona nokha kuti linali lalifupi.

Ndinachapa makatani, zofunda, matawulo. Kenako ndinatembenuka, ine ndi jekete lija tinayang'anana. Mundimvetse. Ine ndinaleredwa ndi mayi amene chovala cha pa kaunjika sichinkalowa m'nyumba chisanaviikidwe m'madzi otentha, chifukwa sudziwa amene anachivala ndi chimene chinamupha. Kwathu chovala chonunkha ndi chamanyazi kwa mwini wake, koma makamaka kwa amene amamusamala. Ndinkaganiza za anamwino odzawayendera a Norman, akulowa m'khitchini n'kufunsana kuti kodi wosamalira munthuyu ndi wochokera kuti. Ndinachitira dziko lathu.

Za m'thumba zija sindinataye. Kwathu za eni ake zoterozo sutaya, zimakutsatira. Ndinavala magolovesi awiri dzanja limodzi, ndinaziika m'chitini cha majarini, kuwazamo mchere pang'ono, n'kuchikankhira pamwamba pa kabati. Jekete ndinaliponya m'mashini. Madzi otentha mapeto, sopo wa ufa chikho chodzaza. Mashini aja analira ngati chigayo chimene chameza mwala. Madzi amene ankazungulira pa galasi anali akuda moti ndikanakhala nawo ku Dedza ndikanakonzera msewu wa kwathu. Ndinachapanso kachiwiri. Ndinathira mankhwala onunkhira maluwa. Ndinaliumitsa m'mashini otentha aja. Ndipo poti chovala chosasita sichinachapidwe, ndinalisita.

Chimene chinatuluka pansi pa simbi sichinali jekete lija. Chinali kanthu kofewa, kotuwa ngati phala la soya, manja ake atafupika ngati a mwana wa sitandade 5. Ndinalipachika pa msomali wake, linangolendewera ngati munthu amene wamva uthenga wa maliro. Mosi anabwera, ananunkhiza, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kutuluka kukakhala pamvula. Galu ameneyu anali ndi nyamakazi, koma anasankha mvula.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti pali chimene chalakwika. Ndinajambula chithunzi n'kutumizira mnzanga wa kuntchito, a Phiri a ku Chipata, amene anabwera kuno kalekale. Sanalembe, anachita kuimba.

"Mudala, mwachita chani?"

"Ndachapa."

"Ija simuchapa. Olo kamodzi. Ija si doti, ni phula. Bamachita kupaka dala kuti mvula isangene."

"Phula wake uti? Limanunkhatu."

"Ndiye mtengo wake wamene uyo. Likanunkha maningi, ndiye kuti mwine wake ni munthu. Ba Norman babwela liti?"

"Lachisanu."

"Ku Dedza mukanipelekeleko moni."

Ndinalikulunga m'pepala la pulasitiki n'kupita nalo kunyumba kuti ndikaone chochita. Amayi akunyumba analitambasula, analitembenuza uku ndi uku.

"Akuluakulu anati safunsa anadya phula," anatero. "Inu mwawaposa. Mwachita kuchapa."

"Mayi, ino si nthawi ya miyambi."

"Nanga ndi nthawi yanji? Yolongedza?"

Phula ndi phula, ndinaganiza choncho. M'nyumba mwathu muli makandulo ambiri, chifukwa ngakhale magetsi a kuno sanazimepo chibwerereni, ine sindiwakhulupirira; akungodikira tsiku loti tiiwale. Ndinasungunula makandulo m'poto n'kupaka ndi supuni. Litazizira, jekete linauma gwa ngati chikumba. Nditapinda mkono, linathetheka n'kuyamba kuyoyoka zoyera ngati ufa. Ndinapala zonsezo ndi mpeni wa buledi n'kuyesa mafuta odzola, aja oterera timapaka ana m'nyengo yozizira. Linayamba kunyezimira ngati mwana wopita ku tchalitchi pa Khirisimasi. Pofuna kubwezeretsa mtundu, ndinapaka polishi wa nsapato. Tsopano linkaoneka ngati nsapato ya wapolisi yokhala ndi manja. Kunatsala fungo. Ndinalitsekera m'thumba limodzi ndi usipa umene apongozi anatitumizira. M'mawa mwake amphaka a mumsewu wathu wonse anali atakhala pa khonde mwadongosolo, ngati anthu odikira makuponi.

Ndinaona kuti palibe kuchitira mwina. Ndikagule lina la kampani yomweyo, ndikalikhwekhwereze m'matope, ndiligoneke pansi pa galu, mwina munthu wongochoka kumene m'chipatala sangazindikire msanga. Koma mawu a a Norman ankandilira m'khutu: jekete lenileni mumalowa nkhwali ziwiri. Ndikabweretsa la thumba la foni, agwira tsiku lomwelo. Ndinafunika choyezera. Nkhwali ndinalibe. Ndinadutsa pa shopu ya zakudya za kwathu n'kugula nkhuku ija yolimba, yachikuda, youma ndi ayezi, yokulungidwa bwino m'pulasitiki. Ndinati nkhuku imodzi ya msinkhu uwu ndi nkhwali ziwiri, masamu ake ndi omwewo. Ndinaiika m'chikwama n'kukwera metiro.

Sitolo ija ndinaikayikira ndili pakhomo. Pakhoma panali nyanga za mbawala, nkhafi, mbedza, ndi zithunzi zakale za amuna a ndevu ataima m'matope ndi agalu awo. Koma pansi panali poyera moti ukanadyerapo, ndipo monse munkanunkhira nkhalango ya m'botolo. Pakati panaima chidole chovala ngati mlenje, nsapato zake zosadziwa dothi. Chikomekome cha mkuyu, ndinatero mumtima. Kunabwera wogulitsa, ndevu zake zopesa bwino, manja ofewa ngati a wansembe.

"Ndikuthandizeni, bambo?"

"Ndikufuna jekete la alenje."

"Onsewa ndi a mwambo wa alenje."

"Mwambo ndili nawo kale kwathu. Ndikufuna jekete."

Anaseka pang'ono, kuseka kwa pantchito. Ananditulutsira limodzi lokongola kwabasi, lothina m'chiuno. Mtengo wake sinditchula, nkhaniyi amawerenganso ana.

"Thumba la kumsana lili kuti?"

"Pa mtundu uwu tinalichotsa. Limamuonetsa munthu ngati wonenepa."

"Nanga ukapha nkhwali umaika kuti?"

"Makasitomala athu ambiri sapha kanthu, bambo."

"Inuyo munasakapo?"

"Ine sindidya nyama."

Ndinamuyang'ana, ndinayang'ana nyanga zija pakhoma. Nonse mukudziwa zimene ndinaganiza. Anapita kumbuyo n'kubwera ndi lina. Ili linali ndi thumba kumsana ndithu, la zipi yonyezimira.

"Ili ndi lokumbukira akale," anatero. "Mukhoza kuikamo magolovesi, kapena kaambulera kakang'ono."

Ndinamuuza kuti ndikufuna kuliona ndekha pa galasi. Atangotembenuka kukalandira mayi wina wa kagalu ka m'manja, ndinaliyala jekete pa mpando, ndinatsegula zipi, n'kutulutsa nkhuku yanga. Miyendo inalowa bwinobwino. Pofika pa chidali, inakana. Ndinaitembenuza chammbali, inakana. Ndinakankha ndi bondo. Apa muyenera kudziwa kuti m'metiro muja munkatentha, ndiye nkhuku inali itayamba kufewa kunja, m'kati ikadali mwala. Inalowa pang'ono, zipi inaluma pulasitiki, basi zinthu zinaima pomwepo. Kulowa ayi, kutuluka ayi.

"Bambo, mukutani?"

Anali mlonda, chimunthu chachitali, khosi lofanana ndi mutu.

"Ndikuyeza."

"Mukuyeza chiyani?"

"Thumba."

Anawerama n'kuyang'anitsitsa. Anadzuka, anayang'ana kudenga, anaweramanso.

"Imeneyi ndi nkhuku?"

"Ikuimira nkhwali."

Anandiuza kuti pa zaka zonse zimene wagwira ntchitoyi wagwirapo anthu ambiri akutulutsa katundu m'sitolo, koma sanaonepo munthu akulowetsa, ndiye sakudziwa kuti mlandu wake autchule chiyani. Anaitana manejala, mayi wachikulire wa magalasi a chingwe. Anthu anayamba kusonkhana. Kagalu ka mayi uja kanayamba kulira ngati kaona kumwamba kutatseguka. Mlonda anagwira jekete, wogulitsa wosadya nyama uja anagwira zipi nkhope atayang'ana kumbali, ine ndinagwira nkhuku. Tinakoka. Inatuluka ngati chivindikiro cha botolo la thobwa lowira, inandipulumuka, inatsetsereka pansi poyera paja sitolo yonse, n'kukaima pa mapazi a chidole chija. Ndikulumbira pali mayi anga, imeneyo inali nyama yoyamba imene mlenje ameneuja anaionapo.

Mwayi wake pulasitiki sinabooke kwambiri, ndipo jekete lawo anangolipukuta. Manejala uja atamva nkhani yanga yonse anavula magalasi. Anati majekete a anthu ogwiradi ntchito kutchire akadasokabe ochepa, koma m'sitolo ya m'tauni sasunga chifukwa palibe amawafunsa. Umachita kuitanitsa n'kudikira. Anati akale amawakonza ndithu, kuwasoka zigamba ndi kuwapakanso phula.

"Ndiye langali mungalikonze?" Ndinawaonetsa chithunzi.

Anayang'ana nthawi yaitali. "Munalichapa ndi sopo?"

"Kawiri."

"Ndi madzi otentha?"

"Ndinalisitanso."

"Pepani bambo," anatero, ndi mawu aja timanenera pa siwa. Kenako mlonda anandiperekeza mpaka pakhomo, nkhuku ili kukhwapa, n'kundipempha mwaulemu kuti ndikafuna kudzabweranso ndidzabwere ndekha.

Lachisanu linafika. Jekete ndinalibwezera pa msomali wake. Ndinaganizapo zonamizira Mosi, koma galu sasita. A Julie anaimika galimoto, a Norman analowa pang'onopang'ono ndi chitsulo choyendera. Atafika pakati pa khitchini anaima n'kukweza mphuno.

"Muno mukununkha maluwa," anatero. Ananunkhizanso. "Ndi nsapato. Ndi nsomba."

Anakhala pa mpando wawo.

"Mlenje, tandipatsa jekete langa."

Ndinalipereka ndi manja awiri, nditanjuta. Analiyala pa maondo. Anakweza mkono umodzi, unagwa. A Julie anagwira pakamwa, ndipo ndinaona kuti mapewa awo akugwedezeka, koma a Norman sankaseka. Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene akuona mtembo wa mnzake atauveka suti yolakwika. Anatembenuza jekete, anapisa dzanja m'thumba la kumsana, anafufuza ngodya zonse. Dzanja linatuluka lopanda kanthu.

"Julie, tenga foni. Nambala ya ofesi yawo ili pa filiji."

Ndinamva fungo la fumbi la ku Dedza. Ndinawaona alamu anga ataima pa siteji ya basi, mano onse pamtunda.

"Bambo," ndinatero, "ngati mukufuna za m'thumba zija, zilipo."

Ndinakwera pa mpando n'kutsitsa chitini cha majarini. Anatsegula. Anatola kaweluwelu kaja, anakapukuta ndi chala.

"Mcherewu ndi wa chiyani?"

"Kuti zisaonongeke." (Apa pokha ndiye ndinawanamiza a Norman, ndipo Mulungu anamvetsa.)

Anazitulutsa chimodzichimodzi. Kaweluwelu anawapatsa ndi malemu akazi awo asanakwatirane. Dzino linali la galu wawo woyamba. Chingwe chinali chomangira nkhwali, mfundo zake anamanga ndi bambo awo powaphunzitsa. Nthenga inali ya mbalame yomaliza imene anaiwombera miyendo isanayambe kukana. Ine ndinkangogwedeza mutu mwaulemu, koma mumtima ndinati: zinthu za akufa, zosungidwa pamodzi, zoyenda nazo kutchire kuti zinthu ziyende bwino. Bambo inu, kwathu zimenezi zili ndi dzina.

Foni inali idakali m'manja mwa a Julie, ndipo a Norman anali asananene kuti aisiye. Ndinakumbukira kuti mbewa yamanyazi inafera kuuna, ndiye ndinaulula zonse: sopo, simbi, makandulo, polishi, usipa, amphaka. Nkhope yawo sinasinthe. Ndinafika pa sitolo, pa wogulitsa wosadya nyama, pa nkhuku. Apa anakweza dzanja.

"Unapita ndi nkhuku m'sitolo mwawo?"

"Eya, bambo."

"N'kuilowetsa m'thumba la jekete lawo latsopano?"

"Ndinayesa."

Anasendera kutsogolo, chiuno chatsopano chija osachikumbukira. "Inalowa?"

"Miyendo yokha."

"Miyendo yokha," anabwereza pang'onopang'ono, ngati munthu amene akulawa ndiwo imene anaiitanitsa kalekale. Anatembenukira kwa mwana wawo. "Wamva? Zaka zonsezi ndikukuuza, iwe umvekere bambo mwakalamba, bambo simufuna zatsopano. Munthu wachita kuchokera ku Afirika kudzayeza. Miyendo yokha. Pita m'mwamba ukatenge lija unandigulira."

Kunapezeka kuti a Julie anawagulira jekete latsopano la kampani yomweyo pa Khirisimasi ina, ndipo linali m'kabati chigulireni, kapepala kake kakulendewera. Analibweretsa. A Norman analiyala pa tebulo n'kutsegula kathumba ka pambali ndi zala ziwiri.

"Taona, mlenje. Iwe ndi munthu wa kutchire. Nyama zako zija ungazilowetse umu?"

Ndinayang'ana kathumbako. Ndinalowetsa dzanja. Munali mofewa, mozama bwino, ndi kabatani kotsekera pamwamba. Pa nkhani ya ntchito ine sindinama.

"Zingalowe bwino kwambiri, bambo. Mpani wonse. Kwinaku n'kuikako machesi ofukizira."

"Nyama zanji zimenezo?"

Ndinayang'ana Mosi. Mosi anayang'ana kumbali.

"Mbewa."

Ndinachita kufotokoza bwino, chifukwa anthu a kuno amasokoneza mbewa ndi makoswe, zomwe ndi chipongwe. Ndinanena za kukumba una tikakolola, za utsi, za kapuku wonona, za kuwiritsa ndi mchere n'kuyanika. Ndinaonetsanso chipsera chija, tsopano ndi dzina la mwini wake. A Norman anayang'ana chipseracho. Kenako anayamba kutulutsa kaphokoso ngati ketulo ikamayandikira kuwira. Anaseka mpaka misozi, atagwira pa bala, a Julie akuwachonderera kuti asiye angang'ambe ulusi. Mosi anadzuka kudzaona amene akufa.

Atapeza mpweya anati, "Julie, siya foniyo." Anakankhira jekete latsopano lija kwa ine. "Tenga. Ndinkainamizira kampani ija. Sinawataye alenje. Inangosintha nyama."

Dandaulo silinapite ku ofesi. Chilango changa chinali china. A Norman anali ndi chitini chawo cha phula weniweni pansi pa sinki (chinali pomwepo nthawi yonseyi, pafupi ndi sopo amene ndinachapira), ndipo nyengo yonse yozizira, ndikamaliza kuwapatsa mankhwala, ndinkakhala pansi kupaka jekete lakale lija ndi kansalu, iwo akuloza ndi ndodo malo amene ndadumpha. Silinabwerere mwakale. Silikwana munthu aliyense, ndipo kukatentha limakumbukirabe usipa. Koma Mosi anayambanso kugona pansi pake, ngakhale ine sanandikhululukire.

Latsopanolo ndimavala ndine. Pa siteji ya basi limandikhala bwino zedi, anthu amandipatsa moni ngati ndili ndi malo. Tsiku lina ndinadutsa nalo pa mpanda wa minga pothamangira basi, ndipo a Norman sananame, koma amayi akunyumba anasokapo. M'thumba muja ndimaikamo foni, podikira kuti ndidzapite nalo kwathu nthawi yokolola likagwire ntchito imene analisokera.

Ndinaphunzirapo kufunsa. Masiku ano m'nyumba ya mzungu ndimafunsa ndisanachape chilichonse, ngakhale kansalu kopukutira mbale, chifukwa sudziwa kuti litsiro liti ndi la mwambo. Kungoti a Norman ali ndi tiyipoti ina yadothi. M'kati mwake mwada bii, mwachita nkhungu ya zaka, ndipo iwo amangoitsukuluza ndi madzi n'kuibwezera pa shelefu. Sabata yamawa akupita kukaonana ndi dokotala, ndipo ine ndagula kale waya wokwechera mapoto. Munthu sangamwere tiyi m'chinthu chotero. Apa palibe chofunsa.